Chithunzi chonjenjemera m'labu ya a Mwenda

Izi sindinazione ndi maso anga. Anandiuza ndi anthu awiri amene analipo, ndipo onsewo sakonda kukometsa nkhani: a Zefaniya Mwenda, anansi anga kuno kudziko la eni, ku Discovery Gardens, ndi Chisanga wa ku Kitwe, mnzawo wa kuntchito.

A Mwenda amagwira ntchito m'labu ina cha ku Jebel Ali, pa maikulosikopu ya maelekitironi, chimakina chotalika kuposa munthu. M'kati mwake amawombera leza, kuwala kwamphamvu kotentha, pa kafumbi kachitsulo, kafumbiko n'kutentha, n'kuyamba kumera timawaya tochepetsetsa, toti tsitsi pafupi nato ndi thunthu la mlambe. Iwo amaonera pa sikirini. Chipindacho chilibe windo, masana ndi usiku n'chimodzimodzi. Lamulo lake ndi limodzi: leza ikayaka, palibe kuyankhula. Mawu a munthu amagwedeza chithunzi, ntchito ya tsiku lonse n'kuwonongeka.

Akazi awo, amake Enos, anamwalira m'nyengo yotentha atadwala masiku ochepa. Anali mayi wankhani, woti amuna awo asanavule nsapato amakhala atawauza kale za kutchalitchi ndi za kumudzi. Anakawaika ku Ntcheu, a Mwenda n'kubwerera msanga kuopa kutaya ntchito.

Kuyambira pamenepo chithunzi chinayamba kunjenjemera.

Sichinali kugwedera kwa lole yodutsa pamsewu. Chinkanjenjemera, n'kuima pang'ono, n'kuyambanso, ngati munthu akufotokoza nkhani n'kumapumira. Amisiri anayeza mapampu, anayeza pansi, osapeza kanthu. Chisanga akakhala yekha, chithunzi chinali zii. A Mwenda akangokhala pampando, chayamba. Ndipo m'chipinda chosanunkha kanthu chija munkamveka kafungo ka mafuta odzola a koko.

"Ba Mwenda, mwamva fungo?" Chisanga ananong'ona tsiku lina leza itazima.

"Ndamva."

"Ni yandani?"

A Mwenda ankalidziwa fungolo: linali la mafuta amene ankadzola amake Enos. Sankaopanso. Anayamba kulawirira kuntchito, kuyatsa makina, n'kumangoonera kunjenjemerako manja ali pamiyendo.

Koma miyezi inkapita popanda chithunzi chabwino n'chimodzi chomwe. Bwana anawaitana n'kunena mosazungulira: akufuna vidiyo ya kawaya kakumera, sabata isanathe. Apo ayi, khalas, ntchito yatha. Ntchito ikatha, visa yatha, ndi sukulu ya Enos yomwe.

Lachinayi masana anaika kafumbi komaliza. Anadikira mpweya uchoke m'makina. Pampu inkalira chapansipansi. Kunkazizira. Chisanga anayatsa leza.

Kawaya kanatulutsa mutu. Kanayamba kutalika.

Fungo lija linafika.

Chithunzi chinanjenjemera. Chinaima. Chinanjenjemeranso, mofulumira kuposa kale, ngati nkhaniyo yafika pokoma. Kawaya kanayamba kuoneka ngati utsi pa sikirini. Chisanga anagwira mutu.

A Mwenda anatembenukira kumanzere, kumene kunalibe munthu.

"Amake Enos," anatero motsitsa. "Tangokhalani chete pang'ono. Ndili pantchito."

Zii.

Kawaya kanaonekera bwinobwino, mzere uliwonse. Kanamera mpaka kumapeto osagwedera. Chisanga akuti tsitsi linamuimirira, osati chifukwa cha mawuwo, koma chifukwa anamva mpando wopanda munthu wa kumanzere ukulira pang'ono, monga umalirira wina akanyamukapo. Fungo linatha nthawi yomweyo.

Vidiyo inayamikiridwa. Kontirakiti anaisainanso. Enos akuphunzira.

Pondiuza, a Mwenda sanalire. Ankangotembenuza kapu ya tiyi patebulo. Anati akanatha kuzimitsa leza kaye, kudikira nkhaniyo ithe, n'kupempha bwana kafumbi kena. Anati sadziwa chifukwa chake sanaganize zimenezo.

Mpaka lero amalawirira kuntchito. Chisanga anawapezapo m'mawa wina ali okha, leza ili yoyaka, akuswa lamulo la chipindacho.

"Pitirizani," ankatero. "Mumati chiyani?"

Chithunzi chinagwedera ndi mawu awo okhawo. Kenako chinaima.