Munthu Amene Anagulitsa "Ayi" Wake

Fanizo ndi mlongo wake Eliness anali ndi kakampani pa Lizulu, m'kachipinda kuseri kwa sitolo ya feteleza. Eliness, yemwe anaphunzira za makompyuta, ndiye anakonza njira yoti alimi a kachewere aziona pa foni mitengo ya ku Lilongwe ndi ku Blantyre, kuti mavenda asamawabere. Alimi ankawathokoza, koma zikomo sankagula nsapato. Fanizo ankazungulira chaka ndi jekete limodzi.

Masiku amenewo kampani ina yaikulu yakunja ya zamakono inkagula timakampani tating'ono paliponse, moti anthu ankangoitcha Chimeza. Itagula kampani ya Duncan, mnzake wa Fanizo wa kusukulu, Duncanyo anadutsa pamsika pa galimoto yonyezimira n'kumuimikira dzanja. Fanizo anabisa nsapato yake yoyasama kuseri kwa thumba la kabichi. Usiwa unamuwawa tsiku limenelo kuposa kale lonse.

Lachiwiri lotsatira anawoloka msewu kulowa mbali ya Mozambique, kwa sing'anga wotchedwa Mfundo. Anali bambo waukhondo, wovala shati yosita bwino.

"Mukufuna akuguleni," anatero sing'angayo, Fanizo asanafotokoze.

"Kampani yathu, bambo. Osati ine."

"Mmm. Nkhuku sindifuna. Magazi a m'bale wanunso sindifuna. Mundisiyire liwu limodzi basi."

"Liti?"

"Lakuti ayi. Kuyambira lero, munthu akafunsa mtengo wa chinthu chimene chili m'manja mwanu, mupereka."

Fanizo anaseka. "Wamalonda angakanirenji kasitomala?"

Sing'angayo sanaseke. "Tulutsani lilime."

Anamutema mphini ziwiri kunsi kwa lilime n'kupakamo zakuda zowawa.

Mwezi usanathe, anthu a Chimeza anafika. Ankafuna zonse: njira ija, maina a alimi, manambala awo, ngakhale kukula kwa minda yawo. Eliness anakokera mchimwene wakeyo panja.

"Achimwene, maina aja anthu anatipatsa potikhulupirira. Muwauze kuti amenewo ayi."

Fanizo anavomera. Koma kampaniyo inalembetsedwa m'dzina lake, ndipo atabwerera mkati, pakamwa pake panangotuluka mawu akuti, "Tengani."

Anamanga nyumba ya mpanda ku Ntcheu boma, nagula galimoto. Eliness anachotsedwa ntchito patatha masabata atatu. Chimeza itagulanso makampani a malole onyamula mbewu, wogula anatsala mmodzi, ndipo mtengo wooneka pa foni unali umene iyo yakonda. Alimi amene kale ankamutcha mwana wathu anayamba kuyang'ana kumbali akamuona. Kutchalitchi Fanizo ankakhala benchi yakumbuyo n'kutuluka nyimbo yomaliza isanathe.

Tsiku lina wogula nyama wa ku Nsipe anaona ng'ombe ya mkaka ya Sibongile, mkazi wa Fanizo, imene mayiyo anapatsidwa ndi malemu bambo ake. Anafunsa mongocheza kuti, "Iyi bwanji?" Madzulo khola linali mbee.

"Bambo a Tisunge, tasowa chiyani m'nyumba muno?" Sibongile anafunsa akulira.

Kenako Fanizo anamva kuti Chimeza ikufuna malo omangapo nsanja ya netiweki ndi nyumba yosungiramo katundu. Malowo anali dimba la mayi ake, pomwe pali kasupe wothirira ndiwo za mbumba yonse, ndipo woyang'anira mbumbayo anali iyeyo. Anathamangira kwa Mfundo.

"Ndibwezereni liwu langa. Tengani nyumba, tengani galimoto."

"Mwayamba kale kupereka ndisanafunse," anatero sing'angayo. "Liwu lanu ndinagulitsa. Inenso akandifunsa mtengo sindikana."

Tsiku la zokambirana abale onse anakhala pansi m'mphepete mwa dimba. Mayi ake, okalamba, anamugwira bondo.

"Mwananga, ingowauza kuti ayi. Ndi liwu lalifupi."

Mkulu wa kampani anafunsa mwaulemu kuti malowo angapite pa zingati. Fanizo analuma mano. Thukuta linatsika, lilime linatupa mpaka kudzadza m'kamwa, mpweya n'kuyamba kubanika. Anayesa kupukusa mutu, khosi linauma gwa. Mayi ake akumuyang'ana m'maso, iye anati, "Tengani."

Palibe anamutukwana. Eliness anadzutsa mayi awo, nawakonza chitenje, n'kunyamuka nawo. Abale enawo anatsatira mmodzimmodzi, osatembenuka.

Sibongile anabwerera kwawo ndi mwana. Nyumba ndi galimoto zinapita kwa oyamba kufunsa. Lero Fanizo amayendayenda m'mbali mwa msewu wa M1 wopanda malaya, akulankhula yekha. Amayi amsika akamupatsa nthochi, amaipereka kwa woyamba kumuyang'ana. Koma akaona m'bale wake akubwera, amaphimba nkhope ndi manja onse awiri n'kukhala tsonga kuseri kwa matumba mpaka adutse. Misala inamulanda zonse, manyazi okha inamusiyira.

Dyera ndi loipa, abale anga. Amene wafunitsitsa chuma mpaka kulephera kukana amayamba ndi kugulitsa za eni ake, ndipo mapeto ake wogulitsidwa amakhala iye mwini.