Zingwe za pamkono wa msilikali

Maliyamu, lemba momwe ndikunenera, usakonze. Ine Asiyatu sukulu sindinaiponde, koma ndege ndinakwera. Ndipo mutu umene ndaluka ine, anthu safunsa kuti waluka ndani.

Inali nthawi ya korona ija, ku Doha. M'nyumba ya madamu tinalimo akazi awiri a ku Malawi, ine wakukhitchini ndi Eveless, mtsikana wa ku Ntcheu, wokolopa. Geti lotseka. Ngakhale ku Corniche, kumene tinkakapitidwa mphepo Lachisanu, anatiletsa.

Tsono bwana wa nyumbayo anali ndi matenda ake. Ankagula majekete a akuluakulu a asilikali, a nkhondo za azungu zimene zinamenyedwa agogo a agogo anga asanabadwe. Ankawaika m'makabati agalasi mu majilisi, chipinda chochezera alendo. Tangoganiza. Zovala za malemu, zosachapa, pomwe anthu akumwera khofi. Kwathu munthu akamwalira zovala timachapa, tigawane, nkhani ithe. Iwo kuziyatsira magetsi.

Panali jekete limodzi lakuda. Pamikono anasokererapo zingwe zagolide, zopota, zopiringizana kuyambira pa dzanja mpaka pa chigongono, ngati chitedze chikuyanga. Pachifuwa panali kabowo, nsalu yozungulira pamenepo youma gwa. Ukatsegula galasi kuti upukute, fungo lake ngati khoswe wofera kuseri kwa matumba. Ndinkachita kumanga masiki awiri. Koma luso la zingwezo ndinaliona, ndisaname. Amene anapota zija anali ndi manja.

Chaka chimenecho kunamveka kuti lamulo lasintha, wantchito atha kusintha ntchito bwana asanavomere. Eveless anali atatopa. Kudzuka anthu asanadzuke, kugona anthu atagona, madamu yalla yalla, fulumira fulumira, tsiku lonse. Anapeza malo ku hotela ina, anamuuza kuti apite ku intavyu mawa lake. Madzulo titatsuka mbale anabwera ndi chipeso, n'kukhala pansi pakati pa miyendo yanga.

"Agogo, mundiluke zoti akandiona asafunsenso mapepala."

Ndiye ndinamuluka zingwe zija. Momwe zinalili pamkono wa jekete, kupinda, kubwerera, kulowa pansi pa inzake. Sitayilo imeneyo Lilongwe yonse kulibe. Anadziyang'ana pa foni, n'kuseka, akuti agogo inu ndinu mfiti ya tsitsi. Tinagona.

Chinandidzutsa ndi fungo. Chitseko chotseka, makina a mphepo akulira, koma m'chipinda ngati mwafera kanthu. Kenako ndinamva nsapato pakolido. Go. Go. Nyumba ija aliyense amavula nsapato pakhomo, ngakhale bwana. Izi zinali jombo. Zolemera. Phazi lina likukhwekhwereza.

Zinaima pa chitseko chathu.

Sanagogode. Anakanda ndi kachitsulo, pang'onopang'ono, ngati batani likukhula thabwa.

Ndinati Bisimilahi. Eveless anadzuka n'kuima njo pambali pa bedi, manja m'mbali, maso ali tong'o. Ndinamuitana. Zii. Ndinamugwira mkono. Wozizira, wonyowa, woterera ngati mlamba. Ndinautaya. Usalembe kuti ndinaopa. Ndinanyansidwa.

Eveless anatsegula chitseko yekha. Panaima chimunthu chachitali, mutu wake kumtunda mumdima. Ndinaona mikono yokha, zingwe zikung'anima. Ndi madzi akuda akudontha kuchokera pachifuwa, tho, tho, pa matailosi amene mwanayo anakolopa madzulo. Chinatembenuka. Eveless pambuyo pake, mwendo ndi mwendo, mofanana.

Ine sindinawatsate. Ndinatsala pabedi.

M'mbandakucha, azana ya kumzikiti ikumveka, ndinamupeza mu majilisi. Ataima kutsogolo kwa kabati, dzanja lili pachipumi ngati msilikali wochita saluti. Jekete lili pamalo pake, galasi lokhoma. Koma mkati mwa galasi munachita nthunzi, ngati wina amapumiramo.

Ndinamukokera kubafa kuti ndimasule. Maliyamu, ine ndamasula mitu ya nsabwe, ya zipere, ya anthu ogonekedwa m'chipatala. Izi ayi. Tsitsi linamatana ndi madzi abulauni onunkha. Mzere uliwonse ndikamasula, mukutuluka timbozi toyera, tija timadya nsalu, tikugwera pamapewa. Ndipo mkati mwa tsitsi munali ulusi wagolide, wothimbirira. Ine sindinaikemo ulusi. Ndinasanza mu sinki. Nditapukuta pakamwa ndinatenga lumo, n'kumumeta mpala.

Zingwe zinalipo pakhungu. Zofiira, zotupa, ngati mphini zotema dzulo.

Anatsitsimuka, analira, koma anamanga mpango, akuti intavyu sangaiphonye. A Cassim, dalaivala wa nyumbayo, munthu wa ku Machinga, anali atavomera kumutenga mobisa. Anaimika galimoto kunja kwa geti. Ine ndinanyamula kachikwama. Tafika pa geti, mwana anaima. Phazi linakana kudutsa. Anatembenuka mwachisilikali, chidendene gwa, n'kuyamba kubwerera, misozi ili chuchuchu.

"Agogo, ndigwireni. Si ine ndikuyenda."

Ndinamugwira m'chiuno. Anandikoka ngati ng'ombe yapangolo mpaka mu majilisi, dzanja pachipumi.

Madamu anati ndi korona yamulowa m'mutu. Anamuyeza, sanapeze kanthu. Ine ndinapita kwa bwana, maso ndi maso, ndinati jekete lija lichapidwe, kapena likwiriridwe mwaulemu ngati mwini wake. Anaseka. Khalas, Asiyatu, khalas, kutanthauza kuti basi, nkhani yatha. Akuti litsirolo ndiye ulemerero wake, magaziwo ndi enieni. Ankanena monyadira, chipatso cha tende chili mkamwa.

Eveless anayesanso. Masana, usiku, ngakhale tsiku limene a Cassim anati amunyamule ngati thumba. Pa geti ankauma ngati mtengo, fungo lija n'kubuka. A ku hotela anatenga wina.

Nkhani inafika kwa Amalawi okhala kudera la Al Mansoura, anthu n'kumanong'onezana pa mafoni. A Cassim ndi amene anandimasulira, chapansipansi, titaima ku galaja. Akuti zingwe zija si zokongoletsa chabe, zinkaonetsa ukulu wa munthu pankhondo. Mwina mwini jekete lija anafa anyamata ake atamuthawa. Ndiye akaona chizindikiro chake pa munthu amati uyu ndi wanga, ndipo wake sachoka pamalo iye asananene. Ena ankati wolakwa ndine. Ndinalakwa chiyani? Ine ndinaluka bwino. Wolakwa ndi wosunga litsiro la maliro pochezera alendo.

Kontirakiti yanga itatha ndinatuluka pa geti lomwelo, palibe chinandigwira. Eveless anandiperekeza mpaka pomwe amathera. Anati ndikawauze amayi ake ku Ntcheu kuti ntchito ikuyenda bwino. Tsitsi linali litamera, ndipo chimetere palibe amene anamugwira m'mutu. Ndinakankha mpango kuti ndimusisite potsanzika.

Linali litadzipota lokha. Zingwe zomwe zija, kupinda, kubwerera. Zonyowa. Ndipo panali pataonjezekera mzere wina umene ine sindinaluke.

Dzanja ili ndinalisamba pa eyapoti, ndinalisamba m'ndege, ndalikwecha ndi phulusa kuno. Taika kaye cholembera pansi. Tanunkhiza.