Mbuzi ya Lachisanu ku Bundabunda

A Fidelis Mwale atatuluka m'chipatala anasiya kudya. Phala ankalifulatira, nthochi ankangoinunkhiza, ndipo dokotala anauza mwana wawo Clotilda mosabisa mawu kuti munthu wofooka chotero sangamuchite opaleshoni. Anapereka masabata awiri kuti mkuluyo abwereko thupi. Sabata yoyamba inatha Clotilda akungoboola mabowo atsopano pa lamba wa bambo ake.

Ndiye m'mawa wina mkulu uja anayankhula ali chigonere. "Nifuna michopo ya mbuzi. Ija yazoona, yamene tinali kudya mu msewu wa Great East nikali kuyendetsa lole."

Clotilda sanafunse kawiri. Anadzutsa mwamuna wake Lawson, munthu woti akamva za nyama yootcha nsapato amavalira panjira, ndipo dzuwa lisanakwere kagalimoto kawo kokalamba kanali katatuluka mu Silverest, mkuluyo atatsamira mapilo kumbuyo.

Pa Chongwe utsi unawalandira asanaime n'komwe. Lawson anabwera nayo nyama papepala, ili nthunzi tolotolo. A Fidelis anainunkhiza n'kuibweza.

"Iyi anayamba kuiphika, elo n'kuiika pamoto. Ni boza iyi."

Lawson, pokhala munthu wodana ndi kutaya chakudya, analimeza bodza lonselo. Patsogolo anaimanso, mkuluyo nati iyo inali yokazinga m'mafuta, Lawson nadziperekanso nsembe. Clotilda sanaseke. Mayi wina wootcha chimanga pambali pa msewu anaona nkhope yake, nawamvera chisoni.

"Yendani kwa ba Lyford ku Bundabunda, pafupi na mishoni. Beve sasebenzesa malasha, ni nkhuni chabe. Koma njira ni yoipa, mvula yavuta."

Anasiya tala n'kulowa msewu wafumbi, womwe fumbi lake linali litasanduka phala. Udzu unkakwapula magalasi mbali zonse. Mvula inawapeza pakati pa tchire, yamphepo, ndipo pa kamtsinje kena kopanda mlatho galimoto inangoti tibu, n'kukhala pansi. Madzi ofiira anayamba kulowera pachitseko. Clotilda ananyamula mapazi a bambo ake n'kuwaika pamiyendo pake, akudzidzudzula mumtima: wachotsa wodwala pabedi kuti adzafere m'thengo chifukwa cha nyama! Koma wodwalayo maso anali atayera.

"Iwe mpongozi, osaponda maningi! Ika giya ya wanu. Unaphunzira kuti kuyendetsa?"

Giya ya wanu, yoyamba ija, sinathandize. Zimene zinathandiza ndi ng'ombe ziwiri za mlimi wina amene ankachokera kudimba, nawakoka ndi tcheni mpaka kutsidya, Lawson akukankha, matope mpaka m'makutu.

Anafika kwa a Lyford dzuwa litapendeka. Utsi kunalibe. Waya wootchera nyama anali atapachikidwa mumtengo wa mango, wotsukidwa bwinobwino. Mwini wake, nkhalamba yayifupi, ankangofika kumene kuchokera ku Njira ya Mtanda, kolona ili m'manja.

"Nyama? Amai, mwaiwala? Lero ni Chisanu, elo ni Lenti. Kuno sitigwira nyama."

Clotilda anangokhala pansi pamwala. Iye, wa kwaya, wobatizidwa ali wakhanda, masiku anali atamusokonekera m'makonde a chipatala. Manyazi ndi chisoni zinamufikira pamodzi, ndipo analira ngati mwana.

A Lyford sanamutonthoze. Anapita kugalimoto n'kupereka moni kwa mkulu mnzawo, ndipo dzanja lija sanalisiye msanga. Analitembenuza, nayang'ana mkono wotsala mafupa.

"Akudya bwanji aba?"

"Sakudya," anatero Lawson. "Manje yapitilira sabata."

"Lamulo ili ni la ise olimba. Odwala silimanga."

Anaika kolona m'thumba n'kulowa m'khola.

Ntchito yawo sinali ya phuma. Anasonkha nkhuni za mtondo, nadikira mpaka malawi onse atagona, kutsala makala ofiira. Nyama anaiwaza mchere wokha, n'kumaitembenuza ndi zala, akuyankhula nayo pansipansi. Fungo linayenda mudzi wonse. Anthu osala nyama aja anatuluka m'nyumba, naima chapatali, ena n'kusamukira kumene mphepo inkachokera kuti asalowe m'mayesero. Lawson yekha ndiye ankangosendera, mpaka dzanja lake linafika pawaya. Linalandira khofi la a Lyford.

"Imwe mudwala chani?"

"Palibe, ba shikulu. Nadya kale kawiri lero."

"Mukaulule kwa ansembe."

Nthuli yoyamba a Lyford anaidula ting'onoting'ono, naipereka pa mbale yachitsulo. A Fidelis anainunkhiza nthawi yaitali. Anatola kamodzi. Anatafuna pang'onopang'ono, maso ali chitsinzire, nameza. Anatolanso. Mudzi wonse unkawerenga, ndipo atafika kachisanu ndi chiwiri a Fidelis anatukula mutu.

"Mchere wachepa. Elo mbale yaing'ono iyi, mwaona monga ndine mwana?"

Anthu anaphulika kuseka, a Lyford akuthamangira mchere.

Pobwerera anazungulira njira ya kumtunda imene anawalozera. Nyama yotsala inali m'masamba a nthochi, yomangidwa mfundo zitatu kuti Lawson asaione mpaka Loweruka. Pofika pa tala a Fidelis anali m'tulo, akuliza mkonono, mafuta ali nyezinyezi pachibwano. Clotilda anatulutsa kansalu kuti awapukute, nayang'anitsitsa kanthawi, kenaka anakabweza m'chikwama.