Chithunzi Chotsata Maso

Mvula inali yowaza kuyambira m'mawa. Madala, amene mkazi wawo anamwalira kale, anakhala pabalaza akumvetsera mwana wawo wamkazi akukalipa. Mwanayo ankafuna kuti mlamu wake, mkazi wa mchimwene wake, achoke m'nyumbamo tsiku lomwelo.

Mlamuyo ankajambula zithunzi pakompyuta, ndipo chimodzi anachiika pachiwonetsero m'tauni. Mwamuna wa mwana wamkaziyo anapita kukachiwona, n'kubwera ndi nkhani yoti munali ntchafu ndi mabere okhaokha.

"Bambo, watichotsa ulemu ameneyu," anatero mwanayo. "Inu achimwene mwangoti duu ngati anakudyetsani."

Mchimweneyo anangoyang'ana pansi. Mkazi wake, misozi ili chuchuchu, anafotokoza kuti chithunzicho ndi cha anthu odikira basi, onse ovala bwino. Pamwamba pa kompyuta pali kamera yotsata maso a munthu. Pomwe maso achedwa, chithunzi chimakulitsa pomwepo n'kubweretsa zina zofanana, monga imachitira foni pa intaneti. Ankafuna anthu adziwonere okha chomwe amaidyetsa foniyo ndi maso awo. Chithunzicho analinso nacho pakompyuta yake m'nyumbamo.

"Yatsani," anatero Madala.

Anakoka mpando n'kukhala. Anthu a m'chithunzimo anayamba kuyenda. Maso a Madala anaima pa mayi wina wa duku lobiriwira, wotembenukira kumbali, atagwira chikwama ndi manja awiri monga ankachitira malemu mkazi wawo. Mayiyo anakula, kenako panabwera ena, maduku okhaokha, mpaka galasi lonse la kompyutayo linadzaza.

Madala anaimirira n'kulozera mkamwini wawo mpandowo.

"Khalani apa."

Mkamwiniyo anaseka, nati maso ake akumuvuta masiku ano. Anatinso galimoto waisiya poipa. Mkazi wake anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Khalanitu, bambo a mwana. Mukuopa chiyani?"

Sanakhale. Mkaziyo anatola chikwama chake, natuluka pamvula, chitseko n'kuchimenyetsa. Mwamuna wake anamuthamangira akumuitana.

Wojambulayo anagwada pafupi ndi apongozi ake, nafunsa motsitsa mawu ngati ayambe kulongedza.

"Simupita kulikonse," anatero Madala. Anatembenukira kwa mwana wawo wamwamuna. "Iwe, pakamwa uli napo. Ukanamuyankhira ndiwe."

Atatero anabwerera pampando paja, napukuta magalasi awo, n'kuyang'ananso chithunzicho.