Makiyi Anapita kwa Wamng'ono

Pakhomo pa aphunzitsi ena panali pamtendere. Bambo ndi mayi anali opemphera, ndipo anali ndi ana awiri: mnyamata amene ankangomutcha Chisamba poti ndiye woyamba kubadwa, ndi mlongo wake Mzime.

Onse awiri anapita kusukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto. Mzime anakhoza ulendo woyamba. Chisamba analephera kawiri.

Tsiku limene bambo anapereka makiyi a galimoto yawo kwa Mzime, mayi anakanika kudya. Mwana akatuluka pageti, iwo ankakhala foni ili m'manja, mtima uli m'mwamba.

"Mayi a ana, khazikani mtima pansi," ankatero bambo. "Sitingamumange m'chiuno. Tamulangiza, zotsalazo n'za Mulungu." Koma nawonso galimoto ikabwera ankaizungulira, ati akuona matayala.

Chisamba ankaonera zonsezi pawindo, nsanje ikumudya.

"Mwanawe," mayi anamuuza tsiku lina, "nkhope yakoyi sikundisangalatsa. Mwayi wa mlongo wako ndi wakonso. Ukayesenso."

Iye anangomenyetsa chitseko n'kupita kwa mnzake wometa tsitsi.

"Ndamva ukumakwera kumbuyo ngati katundu," wometayo anaseka. "Mwamuna wamkuluwe kumayendetsedwa ndi kamwana! Makolo ako ndi amantha, ingowonjezera nkhuni pamotopo."

Pobwerera kunyumba Chisamba anauza mayi ake kuti waona Mzime akuthamangitsa galimoto uku akuseka pafoni. Linali bodza lenileni. Mayi anagwira pamtima. Mzime analira, analumbira, koma mantha anali atatseka kale makutu a makolo. Bambo analanda makiyi n'kukawaika m'thumba la jekete kuchipinda.

Loweruka masana makolo atapita kukazonda wodwala, Chisamba analowa kuchipinda kuja n'kutenga makiyi. Mzime anamva galimoto ikulira ndipo anatuluka chothamanga.

"Achimwene, mulibe laisensi! Zimitsani!"

"Choka apo. Ukuyesa unabadwa ndi chiwongolero m'manja?"

Ataona kuti sakumva, Mzime analowa n'kukhala pambali pake kuti mwina amuthandize. Anadutsa msika bwinobwino. Chisamba anaona wometa uja ataima pakhomo pa shopu yake, n'kuliza hutala.

"Chepetsani liwiro achimwene, kutsogoloku kuli mphambano."

"Usandiphunzitse iwe!" Ndipo anaponda moto dala.

Lole inatulukira kumanzere. Phazi lake linasaka mabuleki, osawapeza.

Chisamba anangochekeka pamphumi. Mzime anamutulutsa m'galimoto anthu anayi, atachita kudula chitseko. Madokotala anapulumutsa moyo wake, koma mwendo wamanzere anaudula.

M'khonde la chipatala mayi ankangodziguguda. "Ndine ndinalakwa. Ndikanakana zoti ana aphunzire galimoto."

Chisamba anagwada pasimenti pamaso pa anthu onse. "Amayi, si galimoto. Ndine. Mzime sanathamangepo, foni sanaigwirepo. Ndinanama chifukwa zinkandipweteka kuti wandiposa."

Bambo anamuyang'ana. "Tinkaopa malole a mumsewu," anatero motsitsa mawu, "osadziwa kuti choopsa tikudya nacho mbale imodzi."

Khoti linamupatsa Chisamba chilango chake, ndipo anachigwira mpaka kutha. Wometa tsitsi sanabwere n'komwe kudzapepesa. Mzime anamukhululukira mchimwene wake patapita miyezi, ngakhale sizinali zapafupi. Lero Chisamba amapemphera, ndipo m'mawa uliwonse ndiye amaperekeza mlongo wake kokwerera basi, atamunyamulira chikwama. Anthu akamufunsa mtsikanayo kuti mwendo unatani, iye amangoti, "Inali ngozi." Mawu amenewo amamulasa Chisamba kuposa chilango cha kukhoti.

Achinyamata, mnzanu akatsogola musamutchere msampha. Nsanje ndi tchimo, ndipo siyenda yokha: imaitana bodza, bodza n'kuitana kuba. Kulapa kumabweza mtima kwa Mulungu, koma mwendo wa mlongo wanu sikungaubweze.