Amene Anamanga Chibwano

Mtembo unali kuseri kwa masipika, m'holo ina ya ku Mwenge, Loweruka m'mawa, tsiku lomwe gulu la Njanji linkayenera kuimbanso patatha zaka khumi. Panja anthu anali atayamba kale kundanda, ena atavala malaya akale a gululo omwe tsopano ankawathina pamimba.

Inspekita Abdulmajidi anagwada. Womwalirayo anali Hashimu, woimba gitala. Kunkhongo kwake kunali bala lalikulu, ndipo chitsulo choimikapo maikolofoni chinali pambali, chili magazi okhaokha.

"Achifwamba awa, afande," anatero Sajeni Godbless. "Onani, anachita kumumanga."

Abdulmajidi anauyang'anitsitsa mtembowo. Kansalu kanadutsa pansi pa chibwano n'kumangidwa pamwamba pa mutu. Zala zazikulu zakumapazi zinali zomangidwa pamodzi. Maso anali otsekedwa, thupi logonekedwa chakumanja, nkhope italoza kumpoto komwe Asilamu a mu Dar amayang'ana poswali. Wachifwamba sakhala ndi nthawi yotere. Mtima unamutchulira dzina, iye n'kuukaniza.

Njanji ankaidziwa bwino. Anali ana a Amalawi a ku Tandale: Hashimu, mkulu wake Hemed pa besi, mlongo wawo Nasiba pa mawu, ndi mnzawo Caleb pa ng'oma. Ankaliza magitala mwaukali, Chichewa ndi Chiswahili m'mbale imodzi, ndipo Abdulmajidi yemweyu, wa imvi lero, ankadumpha nawo mpaka mawu kusasa. Zonse zinatha pomwe Nasiba anafa pa ngozi akuchokera kokaimba ku Morogoro, pamodzi ndi dalaivala wawo Twalha.

Upendo, woyang'anira holo, ananena zochepa. Makiyi anali ndi oimba atatu okhawo. Lachisanu masana, akuyeserera nyimbo, anamva Caleb akukalipira Hashimu.

Abdulmajidi anaigwira nkhaniyo ndi manja awiri. Caleb, yemwe tsopano ankayendetsa malole a ku Malawi, anabwera naye kupolisi.

"Munakangana?"

"Timakangana chiyambire, afande. Amati ndikuthamangitsa nyimbo ngati lole yotsika phiri la Kitonga."

"Kenako?"

"Ndinapita kugalaja ku Tabata. Kafunseni mafundi. Ndinawasiya awiri, iye ndi kaka Hemed. Hashimu amati ali ndi chodabwitsa choti awamvetsere, mawu a Nasiba amene anajambula kalekale."

"Kwanu munthu akamwalira mumayamba n'chiyani?"

Caleb anaphethira. "Timaitana abusa."

Amakanika a ku Tabata anavomera zonse. Komabe Abdulmajidi anamusunga Caleb mpaka masana, akumuzunguza ndi mafunso omweomwewo, mwina bodza lingagwe penapake. Zinali zamanyazi, ndipo ankadziwa. Pomaliza anamutsegulira yekha chitseko.

Abdulmajidi anakamupeza Hemed ku Tandale, kuseri kwa mzikiti, akutsuka ndowa. Chithere Njanji, Hemed ndiye ankasambitsa maliro a Amalawi onse a kumeneko. Bambo ake a Abdulmajidi atamwalira, manja a mwana wawo ankanjenjemera osatha kugwira kanthu, ndipo anali Hemed amene anawagwira n'kuwasonyeza pomanga.

"Pole, achimwene," anatero Abdulmajidi pomupepesa.

"Asante. Ndimadziwa kuti mubwera inuyo."

"Mfundo ija ndinaizindikira. Mumapinda nsonga n'kuilowetsa pansi. Munatero pa bambo anga."

Hemed anaika ndowa pansi. "Ndikanamusiya bwanji ali yasa kukamwa? Mwana wa mayi anga?"

"Chinachitika n'chiyani?"

"Anayatsa mawu aja. Nasiba akuimba, kenako akuseka, akuti, 'Achimwene Hemed, mwalakwitsanso.' Ndinamupempha kuti azimitse, amusiye mwana agone. Iye akuti ayi, mawa anthu amve, ndipo akamva awauze zoona." Hemed anayang'ana ndowa ija. "Ndiye anandiululira. Tsiku la ngozi ine ndinatsogola pa basi. Amayendetsa si Twalha ayi. Anali Hashimu, atamwa. Anamukokera Twalha pachiwongolero atafa kale."

Abdulmajidi anakhala pabenchi.

"Zaka zonsezi ndakhala ndikutukwana munthu wosalakwa," anapitiriza Hemed. "Kumaliro kwake sindinapite. Mayi ake akandipatsa moni kumsika ndimayang'ana kumbali. Chitsulo chija sindikudziwa kuti ndinachinyamula liti. Ndinangoona ali pansi, Nasiba akuimbabe."

"Iye amafuna kulapa, achimwene."

"Ndikudziwa. Ndinazimva bwino nditamumanga kale chibwano."

Kumsewu maminibasi a daladala ankaitanira a ku Mwenge, ndipo mwina ena okweramo anali ndi matikiti a Njanji m'thumba, asanamve za imfayi. Abdulmajidi anamva chisoni chimene sanamvepo pa ntchitoyi. Iyenso anali ndi tikiti yake, ndipo dzulo lomwelo anali atafukula malaya ake akale a Njanji, mkazi wake n'kumuseka mpaka misozi.

Anatulutsa unyolo, n'kuubwezanso m'thumba. Godbless anali kudikira pagalimoto, ndipo Hemed sanali munthu wothawa.

"Tiyeni."

Hemed anaimirira, koma pakhomo anacheuka n'kuyang'ana ndowa zija.

"Achipatala akamubweza, amusambitsa ndani? Kunoku kulibe wina wathu wosambitsa."

Abdulmajidi anayang'ana manja ake. Sankanjenjemera.

"Ndimusambitsa ine," anatero. "Munandiphunzitsa ndinu."