Chitini cha Amalume

Tandiuzani, ndi dokotala uti amene sadziwa dzina la mankhwala ngakhale limodzi, koma amachiza nthenda zonse pongoona mtundu wa pilisi? Musadzivute, ndi amalume ake a Nachipewa.

Mtsikanayu dzinali analitengera kusukulu, poti sankayenda padzuwa mutu uli pamtunda. Anali ndi lupasi, nthenda imene thupi limadziukira lokha, ndipo dzuwa limaiputa. Amalumewo anapentapo khoma la chipatala milungu iwiri, ndiye chichokereni kumeneko ankafuna aziitanidwa kuti Adokotala.

Kutatsala masiku atatu kuti mayeso ayambe, Nachipewa anadzuka pakhosi pakuwawa. Amalume anatulutsa chitini cha mabisiketi chodzaza ndi mapilisi otsala kwa abale ndi anansi.

"Oyerawa ndi opha tizilombo. Awiri m'mawa, awiri madzulo."

"Amalume, kuchipatala anati ndisamwe chilichonse asanaone khadi langa."

"Khadi limachiza? Ine ndinali m'chipatala iwe usanamere mano."

Nachipewa anaopa kuwachitira mwano, koma anaopanso kugonekedwa anzake akulemba mayeso. Anaganiza pang'ono.

"Ndiye tiyeni mukawaonetse anzanuwo chitinichi, nawonso aphunzireko."

Asanamalize n'komwe, amalume anali atavala kale jekete.

Pawindo lolandirira mankhwala, mayi wogawa anawerenga khadi lija, n'kutembenuza kapaketi ka mapilisi oyerawo.

"Awa ali ndi mankhwala otchedwa salufa. Anthu ambiri a lupasi amawadzutsira nthenda, zidzolo thupi lonse. Komanso sagwirizana ndi amene ukumwa kale. Wachita bwino mwanawe. Lowa m'chipinda icho akuyeze kaye."

Amalume anakhosomola, n'kuyang'ana anthu amene anali pabenchi.

"Ndimangomuyesa ngati amasunga malangizo," anatero mokweza. Kenako anapisa m'chitini n'kutulutsa kapaketi ka mapilisi achikasu. "Koma awa simungawatsutse, mayi. Ndimamwa ine mwini Loweruka lililonse. Taonani mkonowu."

Mayiyo anavala magalasi, n'kuwerenga kawiri konse.

"Bambo, awa ndi a njoka za m'mimba."

"Ndikudziwa."

"Za agalu."

Benchi yonse inagwa nako kuseka, mpaka wodwala dzino anaiwala kugwira tsaya. Nachipewa anabisa nkhope m'chipewa, mapewa akugwedezeka.

Bambo wina wandodo anapukuta misozi n'kuwakodola amalumewo.

"Adokotala, kwathu akuba atisowetsa mtendere. Simungabwereko kudzatiuwira?"